Masamba pa Msewu wa Tala

Dzulo ndinathyola nthambi ya mango, ndipo fungo la utomoni wake linandibwezera pa mkuyu wa kwathu ku Rufunsa, pomwe mabasi opita ku Chipata ankaima. Pansi pa mtengowo pankakhala mdala wina wogulitsa makala, amene kale anamanga nawo msewuwo. Madalaivala onse ankamudziwa, moti akakweza dzanja ngakhale lole inkaima. Tsiku limene njoka inaluma amayi kumunda, mdalayo panalibe.

Azakhali anawabereka mpaka pa mkuyupo, mwendo utatupa ngati mtondo. "Imitsa motoka iliyonse, tifike kuchipatala ku Mpanshya," anandiuza, iwo ali kalikiliki kumanga mwendowo ndi chitenje. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kadzanja kanga palibe amene anakaona.

Ndinakumbukira kuti masamba akakhala pamsewu mamotoka amachepetsa liwiro, ngakhale chifukwa chake sindinkachidziwa. Ndinathyola nthambi mpaka zala kutuluka magazi, n'kuziyala patala. Minibasi inafika pang'onopang'ono. Dalaivala anazimitsa wailesi, anavula chipewa, n'kupitirira. Ndinaithamangira ndikukuwa, koma okweramo ankangoona mwana wolira maliro. Bambo wina anatsika pa njinga yake n'kumaikankha, maso ali pansi.

"Pepani, mwanangu," anatero podutsa.

Amayi anatsegula maso, thukuta lili kamukamu. Anayang'ana masamba aja nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Iwe," anandifunsa chapansipansi, "wamwalira ndani?"