Eriyo Imodzi, Zipinda Zisanu ndi Chimodzi

Manyazi aakulu pa moyo wake, mayi amene anthu ankamutchula kuti Namarimoti anawachitira m'nyumba ina yogona alendo. Mwini nyumbayo ankalowa chipinda ndi chipinda akuyatsa TV, iye akutsatira pambuyo ndi chikwama cha zida. Zipinda zisanu ndi chimodzi, koma panalibe TV ngakhale imodzi imene inaonetsa chithunzi.

"Mayi, ndinakumverani chisoni, koma chisoni sichionetsa mpira," anatero bwanayo. "Bwererani kumsika muzikagulitsa marimoti anu aja."

Inu amene mukuwerenga, dziwani chimene mayiyu anataya tsiku limenelo. Bwanayo ankafuna munthu woyang'anira ma TV a panyumbapo, ndipo ntchitoyo inali ndi kachipinda kake kuseri. Namarimoti ankafuna kachipindako kuposa ntchito yeniyeniyo. Chimuthawireni mwamuna wake, iye ankagona m'kashopu ka mnzake pakati pa makatoni, ndipo mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri ankasungidwa ndi akulu ake a Namarimotiyo. Akuluwo anali atanena mosapsatira: "Mwanayu sungamutenge kuti azikagona m'makatoni. Peza kaye pokhala."

Chimene analakwitsa n'chomvetsa chisoni komanso choseketsa. Mwamuna wake uja anali wokonza magetsi, ndipo iye anaphunzira poonerera: kusenda waya, kupota, kukulunga tepi. Ndiye anatenga waya wochokera ku eriyo n'kumupotera pamodzi ndi mawaya onse a m'zipinda ngati akuluka chingwe. Sanafunse munthu, ndipo paja safunsa anadya phula.

Analira masiku awiri. Tsiku lachitatu anasamba kumaso n'kupita kwa madala ena okonza mawailesi kuseri kwa msika, munthu wouma pakamwa amene sankadziwa kuyamikira. Madalawo atamva nkhaniyo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatola kachidutswa ka waya wa eriyo n'kukasenda.

"Uyu si waya wa babu, mwana wanga. Taona, pakati pali kamkuwa kamodzi, kunjaku kuli timawaya tonga tsitsi. Katsitsi kamodzi kokha kakakhudza kamkuwako, chithunzi chafa."

Anamuonetsanso sipulita, kachitsulo kolowera kumodzi n'kutulukira kungapo. "Ukagawa, mphamvu imachepa, ngati mpopi umodzi wotungapo mabanja ambiri. Ndiye busita, kabokosi kowonjezera mphamvuka, uziika kumtunda pafupi ndi eriyo, usanagawe. Ukaika kumapeto, umangokulitsa zinyalala."

Kuyambira pamenepo Namarimoti ankatola zidutswa za mawaya zimene amisiri ataya. Wobwera kudzagula rimoti ankamupeza atawerama, akusenda waya ndi kuvekera kamutu kolowetsa ku TV. Zala zinachekeka mpaka zinachita zikanga. Akapita nato timituto kwa madala aja, iwo ankangokoka kamodzi n'kunena kuti, "Yambiranso."

Kenako anayamba kukwera madenga. Anayambira kwa wometa tsitsi, n'kupita kwa telala amene ankafuna TV pabalaza ndi kuchipinda. Anthu ankaima pamsewu kuonerera mzimayi wovala ovololo akutembenuza eriyo pamwamba pa malata.

"Kodi amuna atha?" anafunsa wina tsiku lina.

"Alipo," anayankha ali pamwamba pomwepo. "Ndi amene akundigwirira makwererowa."

Patatha miyezi inayi, anabwerera kunyumba ya alendo ija. Amisiri atatu anali atadutsapo, ndipo kuseri kwa TV iliyonse kunali busita yakeyake. Chithunzi chinkabwera, n'kuima, nkhope za anthu n'kuphwanyika. Tsiku la mpira alendo ankasamukira kwina.

"Mwabweranso?" anafunsa bwana uja.

"Ndabweranso, bwana. Ulendo uja ndinalakwitsa ndine, osati eriyo yanu. Ndipatseni tsiku limodzi, ndichotse mabusita onsewa."

"Muchotse zimene anaika amisiri atatu?"

"Ndisiya imodzi, koma ikwera kudenga."

Bwanayo anamuyang'ana nthawi yaitali. Mwina anali atatopa, mwina anadabwa kuona munthu wovomera kulakwa kwake. Anamupatsa makiyi.

Anagwira ntchito dzuwa likuswa mtengo. Anatembenuza eriyo pang'onopang'ono mpaka inaloza koyenera, anamangirira busita pansi pake, anaika sipulita m'siling'i, n'kupatsa chipinda chilichonse waya wakewake. Madzulo anayambanso ulendo uja wa chipinda ndi chipinda. Choyamba chinaonetsa bwinobwino. Chachiwiri chimodzimodzi, mpaka chachisanu. Atayatsa ya m'chipinda chomaliza, TV inangoti bii.

Bwana anayamba kupukusa mutu. Pa TV yakudayo Namarimoti ankaonapo mwana wake akutsalanso kwa eni. Anagwada kuseri kwa TV, anamasula kamutu ka waya n'kukayang'anitsitsa pawindo. Katsitsi kamodzi kanali katapinda n'kukhudza kamkuwa kapakati. Anakachotsa ndi chikhadabo, anabwezera, ndipo wowerenga nkhani anatulukira akuoneka mpaka mabatani a malaya.

Bwanayo anaonerera kanthawi. Kenako anati, "M'kachipinda kaja muli matiresi akale. Muuze wapageti akuthandizeni kutulutsa."

Loweruka lotsatira, akulu ake a Namarimoti anafika ndi mwana uja atanyamula kachikwama ka zovala. Namarimoti anathamangira kuyatsa ka TV kakang'ono kamene bwana anamubwereka, kuti mwana aone ntchito ya manja a mayi ake. Mwanayo sanayang'aneko n'komwe. Maso ake anali pabedi.

"Amayi, ndigona masiku angati kuno?"

"Onse, mwana wanga."

Mwanayo anavula nsapato n'kuzikankhira kunsi kwa bedi. Akulu aja anatembenukira kuwindo, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Inu amene munachitapo manyazi pamaso pa anthu, musalambalale khomo limene munagwerapo. Kafunseni chimene munalakwitsa, muchiphunzire mpaka zala zizolowere, kenako mukagogodenso pomwepo. Musataye mtima, chifukwa penapake pali munthu amene akudikira kuti inu muyesenso.