Tsamba Lomwe Ndinasinthanitsa ndi Mzimbe

Ndiulule uchitsiru wanga kuti museke bwino: ndili mwana ndinkakhulupirira kuti anthu ojambulidwa m'mabuku amapuma. Dzulo mdzukulu wanga anabwera ndi kabuku kazithunzi kogula pa Songani, poti sukulu zaulerezi zasandutsa aliyense wophunzira, ndipo fungo la mapepala ake linandibweza kutali.

Ine ndi mng'ono wanga Yona tinali nako kotere, kotola ku mishoni. Munali kamnyamata kokwera kamba wouluka, mitambo yopotana ngati nkhata, mitengo yovala nsapato. Kamnyamatako kanali ndi chimutu, maso ngati mbale, timiyendo ngati bango: Yona weniweni atayamba kudwala. Timitambo toyera totuluka pakamwa pake ndinkati ndi mpweya wake, poti zolembedwamo sindinkaziwerenga.

Tsiku lina amalume anasowa pepala lopichirira fodya.

"Mphwanga, ng'amba limodzi, ndikupatse mzimbe."

Ndinang'amba lomaliza, pomwe kamnyamata kankatera pakhomo pa amake. Ndinaonerera kankhope kake kakupsa pang'onopang'ono pamlomo pa amalume, ine ndikutafuna.

Madzulo Yona anandifunsa ali pamphasa, "Achimwene, wafika kwawo uja?"

Ndinati wafika. Sabata isanathe, tinamuika Yona m'manda.

Lero ndikudziwa kuti anali malungo, koma ndikatseka maso ndimaonabe utsi uja. Usiku ndinawafotokozera akazi anga, ndikudziseka ndekha. Iwo sanaseke.

"Bambo, zaka zonsezi mwakhala mukukana mzimbe, n'kumandinamiza kuti ndi mano?"