Timapepala ta M'basiketi ya Namasangweji

Inu amene mwatopa ndi kuyesa, khalani pansi mumve iyi.

Lachisanu lina masana, mtsikana wina anakhala pansi pa masitepe a nyumba ya maofesi mumzinda waukulu, basiketi ili pamiyendo, masangweji ali tho, osagulidwa. Mayeso a kusukulu yophika anali atalephera kawiri. Anthu a m'maofesimo anamupatsa dzina lachipongwe, Namasangweji, ndipo ambiri ankangomulambalala ngati chitsa.

Mayi woyang'anira nyumbayo anatsika, makiyi akulira m'manja.

"Mwanawe, anthu akudandaula kuti buledi wako akumafika masana ali nyowenyowe. Mwezi uno ukatha zili chonchi, malo ano ndipatsa wina."

Kupatula kamaloko, analibe pena pogwira. Poweruka anasiyira mlonda wa pageti masangweji otsala, monga ankachitira masiku onse, nakankhira basiketi kuseri kwa masitepe, n'kumapita atazolika.

Lolemba m'mawa anapeza kapepala pansi pa nsalu ya m'basiketi: "Tomato asakhudze buledi. Letesi akhale pakati." Dzina panalibe.

Anayesa. Patapita masiku awiri panabwera kena: "Majarini pakani mpaka m'mphepete. Ndiye mpanda wotchinga madzi." Kenako kena: "Mazira azizire kaye. Otentha amatuluka thukuta m'pepala."

Chilichonse ankachita. Ankadzuka kusanache, kudula, kulawa, kukonzanso. Ogula anayamba kubwerera mmodzimmodzi. Koma mtima wake unali pa wolembayo. Timapepalato ankatisunga m'kachitini, n'kumatiwerenga mobwerezabwereza.

Akulu ake anamupezerera akumwetulira yekha, kapepala kali m'manja.

"Iwe, wafunsiridwa ndi kapepala? Ndiye paukwati alamu athu adzakhala bolopeni?"

"Ndisiyeni, achemwali. Munthu wake alipo."

Namasangweji ankaganizira mnyamata wa tayi wa kuofesi ya maloya, yemwe ankagula m'mawa uliwonse. Tsiku lina analimba mtima, namuyang'ana m'maso.

"Lero mazira azizira bwino."

"Ndiye munditenthetsereko, asisi," anatero wa tayiyo, maso ali pafoni.

Si iye. Namasangweji anachita manyazi mpaka kumapazi.

Sabata yomaliza ya mwezi, kapepala kanati: "Ya nkhuku imafika madzulo ili bwinobwino. Ya tchizi imauma m'makona. Muziikulunga kawiri."

Anawerenga, nabwereza. Madzulo? Ogula onse amadya masana. Mumzinda wonsewo munali munthu mmodzi yekha amene ankadya masangweji ake atatha tsiku lonse m'basiketi.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pageti. Mlondayo anali mnyamata wamtali, wofatsa, amene moni wake unali wongogwedeza mutu.

"Achimwene, kalembedwe aka n'kanu?"

Mlondayo anavula chipewa, nachipotokola m'manja.

"Ndi... ndine, che... chemwali."

Anali wachibwibwi. Mawu akutuluka limodzilimodzi, anafotokoza kuti anaphikapo kukhitchini ya hotela zaka zinayi, koma anamuchotsa chifukwa pakamwa pankachedwa poitana zakudya zikapsa.

"Nanga bwanji osangondiuza?"

"Mu... mukanadikira mpaka to... tomato atanyowetsa buledi."

Namasangweji anaseka mpaka misozi. Mlondayo anasekanso, ndipo aka kanali koyamba kumva kuseka kwake.

Tsiku lomaliza la mwezi, mzere unayambira pamasitepe mpaka pageti. Pakati pake panali mayi woyang'anira nyumba uja, makiyi ali m'thumba, akudikira ngati wina aliyense.

"Awiri a mazira," anatero atafika. "Malo ndi ako, mwanawe. Koma upeze tebulo, basiketi yachepa."

Lero mukafunsa kumene kuli masangweji okoma mumzindawo, oyendetsa basi ndi maloya omwe akulozerani pansi pa masitepe aja. Pali kashopu, ndipo dzina lachipongwe lija linalembedwa pachikwangwani ndi penti wofiira. Mkati muli anthu awiri: wina amalankhula ndi ogula, wina amadula buledi ali chete. Timapepala timapezekabe m'basiketi yakale ija, koma sitinenanso za tomato. Zimene timanena, ngakhale akulu ake a Namasangweji sanaonetsedwe.

Inu amene basiketi yanu yabwerera yodzaza lero, musaitaye. Konzani kamodzi kamene mwauzidwa, mawa mukonze kena. Wokukwezani mwina ndi uja mumamudutsa pageti. Mtima wokhawo musautaye.