Chizungu cha Agogo ndi Mtsuko wa a Naphalombe

Fungo la masikono otentha likasakanikirana ndi utsi wa petulo, ine ndimaona agogo anga aamuna atakhala pakabenchi pakhomo pa vidiyo sho ku Kamwendo, beseni lovundikira ndi nsalu yoyera lili pamiyendo, kuseri jenereta ikutsokomola ngati ili ndi chifuwa, m'kati anyamata akukuwira anthu a karate. Anthu ankawatchula kuti a Khukhi chifukwa adaphikira mzungu wa pa esiteti ya fodya zaka zambirimbiri. Atapuma ntchito adabwera kumudzi ndi jekete yoyera, luso lootcha masikono m'chimgolo, komanso mbiri yoti amamva chizungu kuposa aphunzitsi. Ine ankanditcha Dona. Akati, "Dona, madzi aja bwanji?" ndinkathamanga ndi ndowa mano ali pamtunda.

Zinali zaka zoyambirira za matipate, ine ndili sitandade faifi. Chaka chimenecho mvula idayamba bwino, anthu n'kuwokera fodya, koma itafika Januwale kumwamba kudangoti mbee. Fodya ankafota dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe, chimanga chitapota masamba. Anthu akakumana panjira ankayamba ayang'ana kumwamba asanapatsane moni.

Kumapeto kwa mudzi wathu kunkakhala mayi wina wachikulire amene tinkangomuti a Naphalombe. Adabwera ndi amuna awo kudzagwira utenanti pa esiteti, amunawo n'kumwalira, iwo n'kupempha kamalo m'mudzi mwathu. Analibe mbale aliyense kuno. Tsiku lina ndikufunafuna nkhuku yathu kuseri kwa nyumba yawo, ndidasuzumira pazenera n'kuona mtsuko waukulu pakona, kukamwa kwake atamata ndi dothi. Pamjigo ndidafuna kuti anzanga andimvere, ndiye ndidati, "A Naphalombe ali ndi mtsuko womata, ndipo m'kati mwake mukumveka phokoso." Za phokosozo ndidangowonjezera. Palibe chimene ndidamva.

Sabata isanathe, mudzi wonse unkadziwa kuti a Naphalombe atsekera mvula mumtsuko. Ena adakumbukira kuti mayiyo sadadzale munda wake wonse, ndiye ankafunsana kuti adadziwa bwanji kuti kukhala ng'amba. A Tembo, bambo wofatsa ndithu amene fodya wawo ankapsa akuona, adasonkhanitsa amuna anzawo n'kupangana kuti Lolemba m'mawa akaswa mtsukowo, akasasula denga, mayiyo aone njira ya kwawo. Ine ndinkaopa kunena kuti ndidanama.

Lachitatu la sabata yomweyo, mwini vidiyo sho, a Foloma, adabwera ndi matepi atsopano kuchokera ku Chipata. Pachikuto cha tepi ina panali munthu wamasewera a karate atakweza mwendo m'mwamba, koma ataiika, m'kati mudatuluka zina. Ine ndidali nditabweretsera agogo chakudya chamasana, ndipo titamva anthu akudandaula tidalowa limodzi. M'chipindamo munali mdima wa masaka otseka m'mazenera, fungo la thukuta ndi la nzimbe.

Inali filimu yakale ya ku Mangalande. Munali mudzi wa nyumba zamiyala, mapiri obiriwira ndi nkhosa zambiri. Kumeneko vuto linali mvula yosaleka: tirigu ankaola m'munda, nkhosa zikufa. Anthu a m'mudzimo ankavala bwino, akupatsana moni mwaulemu, koma maso awo onse ali pa mayi wina wokalamba wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Kenaka amuna adalowa m'khola, n'kuyamba kuvala zigoba za mitu ya nkhosa ndi zovala zaudzu, nkhope zawo zikuoneka poyera.

Apa amayi atatu amene adakhala kutsogolo adadzifunditsa zitenje kumutu. "Akutionetsa za kudambwe," adatero mmodzi. "Tizimitsireni, muli ana osavinidwa muno."

"Ndi dambwe la azungu ili, silikugwirani," wina adayankha kumbuyo.

Mkulu wina wa mpingo wa ku Ludzi adati zonsezo n'zabodza, azungu sangavine gule pamene ndi omwewo adabwera ndi tchalitchi. Mnzake adamufunsa kuti nanga udzuwo wawaveka ndani. Anyamata ankangoti filimu yanji yopanda ndewu, anthu kumangoyang'anana ngati ali pamaliro. Wina adati mvula imeneyo akanangotigawira ife. A Foloma adafuna kusintha tepi, koma agogo adakweza dzanja. "Isiyeni ithe."

Idathadi. Amuna audzu aja adamugwira mayi uja, adavina naye mozungulira chimwala chachikulu, n'kumuponya m'dziwe. M'mawa mwake mvula inali ikugwabe, nkhosa zina zitafa, ndipo anthu aja adayamba kuyang'ana nyumba ya munthu wina. Potuluka aliyense anali ndi maganizo ake. Ena ankati ufiti wa azungu ndi woopsa chifukwa amachita masana, ena ankati mzukwa sudaoneke ndiye filimuyo ndi yoperewera. Agogo adavundukula beseni lawo n'kunena ngati akulankhula ndi masikono: "Mzukwa wa chiyani? Oopsa ndi aja ovala mataye, opatsana moni m'mawa."

Asanaweruke adakambirana ndi a Foloma kuti Loweruka masana aionetsenso, iwo adzamasulira mawu onse m'Chichewa. Nkhani idawanda msanga kuti a Khukhi akaulula ufiti wa azungu. Agogo adapita okha kunyumba kwa a Tembo kukawaitana, ati munthu wofuna kugwira mfiti ayambe waona momwe anzake amagwirira.

Loweruka chipinda chidadzaza mpaka ena kukhala pansi. Agogo adavala jekete yoyera ija, yosita ndi simbi yamakala, n'kuima pambali pa kanema manja ali kumbuyo ngati akudikira kuti bwana amalize supu. Poyamba adatiseketsa. Mzungu akayang'ana nkhosa yakufa, iwo ankati, "Akuti ndiwo zapezeka, koma mayi a kunyumba sadziwa kuotcha." Ngakhale a Tembo, amene adali asanaseke mwezi wonse, adagwira pamimba.

Anthu a m'filimu atayamba kunong'onezana za mayi wokalamba uja, mawu a agogo adatsika.

"Uyu akuti, mayi ameneyu si wakuno. Anabwera ndi mwamuna wake, mwamunayo anafa, nanga iye akudikira chiyani?"

Kuseka kudachepa.

"Uyu akuti, bwanji sanadzale munda wake wonse? Anadziwa bwanji?"

Munthu wina adasuntha pabenchi. Kunja jenereta inkangolira.

"Uyu wa chipewayu akuti, musakayike, mwana ndi amene waona. Mwana sanama."

Agogo sadandiyang'ane n'komwe, maso adali pa kanema, koma ndidalakalaka pansi patatseguka.

A Tembo adaimirira. "A Khukhi, mzungu ameneyo wanenadi zimenezo?"

"Ngati mumamva chizungu, bwerani muime pano, ine ndikhale," adayankha agogo mosakweza mawu. A Tembo adakhala pansi.

Pofika pamene amuna audzu ankamukoka mayi uja, anthu adali ataiwala kuti ndi kanema. Amayi omwe aja adadzifunditsa Lachitatu ankalankhula ndi galasi la kanema kuti msiyeni, walakwa chiyani. Wina adati azungu amenewa ndi zitsiru, mvula ingamvere nkhalamba? Atangotero adatseka pakamwa ndi dzanja. Chakumapeto, mvula ikugwabe pa nkhosa zakufa, agogo adamasulira mawu omaliza: "Akuti sinaleke. Ndiye kuti tinalakwitsa nyumba. Tiyeni tione ya uyu."

A Foloma atachotsa masaka m'mazenera, anthu ankaphethiraphethira osayang'anana. Agogo adavula jekete, n'kuipinda bwinobwino. "Lolemba m'mawa ine ndikamwera tiyi pakhonde pa a Naphalombe," adatero. "Amene akubwera atavala udzu, akandipeza pomwepo."

Panjira yobwerera kumudzi sadanditche Dona. Adati, "Esinati, mumtsuko muja unamva phokoso lanji?" Ndidalira kuyambira pamsewu waukulu mpaka pamjigo. Iwo sadandikalipire, komanso sadanditonthoze. Adangoti Lolemba ndidzavale diresi loyera bwino, chifukwa ndikalankhula pamaso pa akuluakulu.

Lolemba tidafika dzuwa litangotuluka. Tidapeza a Naphalombe atamanga kale katundu wawo m'chitenje, atakhala pansi pafupi ndi chitseko. Agogo adatsanula tiyi wa m'fulasiki, n'kuwapatsa sikono. Amuna adabweradi, koma ochepa, ndipo nkhwangwa ndidaiona imodzi yokha, mwini wakeyo ataibisa kumbuyo. A Tembo adaima patsogolo, maso ali ofiira ndi kusagona.

"Mwana uja amene anaona ndi uyu," adatero agogo. "Mumve kwa mwini wake."

Ndidaimirira. Ndidati mtsuko ndidauonadi, koma phokoso sindidamve, ndidangopeka kuti anzanga andimvetsere. Mawu ankatuluka pang'onopang'ono ngati a mwana wa nkhuku, koma adamveka.

A Naphalombe adalowa m'nyumba, adatuluka akukunkhuniza mtsuko uja, n'kugogoda dothi la pakamwa ndi chipande. Mudatuluka fumbi la phulusa. Adapisa dzanja n'kutambasula chikhatho: nandolo, mbewu ya kwawo, yosakaniza ndi phulusa kuopa anankafumbwe. "Kwathu mvula inatinamizapo kambiri," adatero. "Ndiye sitidzala zonse kamodzi. Timasungako, kuti ikatitaya tidzayambirenso."

A Tembo adayang'ana nandoloyo nthawi yaitali. Kenaka adakhala pansi pomwepo pafumbi, n'kugwira kumutu. "Fodya wanga watha, a Khukhi," adatero. Agogo adawatsanulira tiyi m'kapu yawo yomwe.

Sindinganame kuti mvula idagwa tsiku lomwelo. Idachedwabe sabata ina yathunthu, ndipo fodya wambiri sadapulumuke. Analipo ena amene adapitiriza kulambalala nyumba ya a Naphalombe mpaka kalekale. Koma denga lawo palibe adalikhudza, katundu uja adamasula, ndipo adakhala m'mudzi mwathu mpaka tsiku limene tidawaika m'manda athu. Ine adandikhululukira msanga kuposa momwe ndidadzikhululukira ndekha. Chaka chilichonse ankanditumizira kambale ka nandolo.

Agogo adamwalira ndili ku sekondale. Patapita zaka, ndili kale mphunzitsi ku Lilongwe, mnzanga wokonda mafilimu akale adandionetsa ina pa kompyuta yake. Nditangoona nyumba zamiyala ndi nkhosa zija ndidaizindikira. Ndidatchera khutu kudikira mawu a agogo, poti tsopano chizungu ndinkachimva ndekha. Wa chipewa uja ankangofunsa za mtengo wa ubweya. Za munda wosadzala munalibe. Za mwamuna womwalira munalibe. M'filimu yonseyo munalibe mwana ndi mmodzi yemwe amene adaona kanthu.

Ndidaseka mpaka misozi, kenaka misoziyo idapitirira yokha. Agogo aakazi adandiuza pambuyo pake kuti chizungu cha amuna awo chinkathera pa supu, mchere ndi madzi osamba a bwana. Koma filimu ija adaimva kuposa tonse amene tidali m'chipinda chija, ndipo ndikukayika ngati eni ake a ku Mangalande adaimvapo chotero.

Kuseri kwa nyumba yanga ndimadzala mizere iwiri ya nandolo, ndipo mbewu ina ndimasunga m'botolo la phulusa. Kusukulu, mwana akabwera akuthamanga kudzandiuza zimene waona kwa mnzake, ndimamukhazika pansi kaye, n'kumufunsa mofatsa monga adandifunsira agogo pamsewu wa ku Kamwendo: chimene waona ndi chiti, ndipo chimene wawonjezera ndi chiti?