Munda wa Apongozi ndi Chikwangwani Chake

Anthu amati ine ndimawonjezera nkhani. Amene amanena zimenezi sanaone chinangwa cha apongozi anga. Ine ndinachiona, ndinachisenza, ndipo phewa langa lakumanjali mpaka lero ndi lotsika kuposa linzake. Wokayika abwere ndi chingwe adzayeze.

Inali nthawi ya nkhondo, ine ndili pa chikamwini m'mudzi wina pakati pa Chiwanga ndi Msumba. Othawa kumtunda, a ku Maniamba ndi kwina, anadzazana m'mbali mwa nyanja. Aliyense ankafuna nkhuni, mitengo yomangira ndi kamunda, asilikali nawo ankafuna phiri loyera kuti aziona amene akutsika. Posakhalitsa phiri lathu linameta mpala. Mvula ikagwa dothi lonse linkatsetserekera m'nyanja, moti chaka china mlamu wanga anakoka khoka n'kupezamo munda wake wa mtedza, mizere ili bwinobwino. Ndinalipo, ndinathandiza kukoka.

Minda ya m'mbali mwa msewu inali ndi eni atatu: wolima, a mfuti a m'tchire, ndi a mfuti otiteteza kwa a m'tchirewo. Wolima ndiye ankakolola pomaliza. Wanga unali umodzi mwa minda imeneyi. Ndinkaulima monga anatiphunzitsira alangizi nkhondo isanatipeze: kutentha zinyalala zonse, kukoka chingwe, mbewu ya mtundu umodzi, mizere yowongoka ngati ana a sukulu pa mbendera. Mizere yowongoka imalemekeza alendo. Munthu amakolola osaika n'komwe mfuti pansi.

Chimene chinkadyetsa khomo lathu la anthu asanu ndi anayi chinali munda wa apongozi, mayi a mkazi wanga. Unali kuseri kwa phiri, m'kachigwa ka kasupe, ndipo unalibe njira, chifukwa apongozi sankaponda kawiri malo amodzi. Sankatentha kanthu, poopa utsi. Sankadula mitengo, poopa maso. Ankabzala zonse pamodzi, chinangwa, nandolo, maungu, mbatata, nthochi, nzimbe, kuti wodutsa aziyesa tchire. Matumbo a nsomba ankakawakwirira komweko, ndipo m'mphepete monse anasiya chitedze chiyange. Munda umenewu ukanapezeka, tikanadya mchenga. Anthu a m'mudzi ankadziwa kuti apongozi ali ndi kanthu kwinakwake, koma ankadziwa mwaulemu, osafunsa. Pa nkhondo, kusadziwa ndi mphatso imene umapatsa mnzako.

Tsono kunabwera mphunzitsi wa ulimi. Anadzera pa bwato, poti msewu wa ku Lichinga unkadutsika ndi olimba mtima okha. Anali munthu wabwino, wowonda, wa nsapato za matayala ngati ife, ndipo tinkamutcha aporofesolo. Anamutuma anthu ena akutali kwambiri amene ankasonkherana m'matchalitchi mwawo kuti athandize timagulu ta m'midzi kuchiritsa nthaka ndi mitima ya anthu. Nthaka ndi mitima, zonse ulendo umodzi. Gulu la m'mudzi mwathu linalonjezedwa makasu, mbewu ndi mbande za mitengo, bola likhale ndi munda wa chitsanzo woti opereka aja auone pa foto. Ine anandisankha kukhala sekeretario, chifukwa ndinkalemba Chipwitikizi, komanso chifukwa asodzi ankafuna kupuma nkhani zanga m'bwato.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, aporofesolo akujambula ndi choko pa thabwa. Musatenthe zinyalala, phimbirani nazo nthaka. Musadule mitengo yonse. Sakanizani mbewu kuti zizithandizana.

Mkulu wina wa ku Maniamba anakweza dzanja. “Aporofesolo, pepani. Ulimi umenewu kwathu uli ndi dzina. Timautcha ulesi.”

Anthu anaseka, aporofesolo nkhope inagwa. Ine ndinamva chisoni, ndipo chisoni changa chimatulukira pakamwa.

“Ulesi wanji?” ndinatero nditaimirira. “Zonsezi apongozi anga amachita kale! Dzungu lawo limodzi tinadya sabata yathunthu, chikamba chake ana akuphunziriramo kupalasa!”

Pansi pa mango paja anthu anayang'ana kunyanja ngati kwabwera sitima. Mkazi wanga anayang'ana ine. Aporofesolo okha ndiwo anawala m'maso, natsegula kope.

Kwa amene sadziwa mwambo wathu: mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana, salankhulana. Mawu amadzera mwa mkazi. Ngakhale mutakhala motalikirana mapazi asanu, chimene apongozi anena iwe sunachimve mpaka mkazi wako akuuze. Masana amenewo apongozi anakhala kuseri kwa khonde atandifulatira, ine pa mwala, mkazi wanga pakati.

“Uwafunse amuna akowo,” anayamba apongozi, “ngati anabadwa ndi pakamwa pa mlamba kapena anachita kusokerera. Zaka zonsezi ndabisa munda kwa anthu a mfuti, kwa anyani, kwa nguluwe. Ndinaiwala kuubisa kwa chinthu chimene ndikuchidyetsa ndekha.”

Mkazi wanga anatembenuka. “Amayi akuti mwaswera bwanji.”

“Uwauze kuti ndaswera bwino,” ndinatero, “ndiponso kuti gulu lonse lilandira makasu akangolola aporofesolo kuona munda.”

“Amayi, akuti alakwa kwambiri.”

“Ndamva za makasuzo. Uwauze kuti khasu silidyedwa. Ndipo uwakumbutse kuti mphasa imene anabwera nayo pano ikadalipo, imapindika msanga.”

“Amayi akuti aganiza kaye.”

Anaganizadi, chifukwa pamudzi ponse makasu anali atatha ngati supuni, ndipo amayi ena ankalima ndi zitsulo za galimoto yopsa. Patapita masiku atatu analola, koma pa malamulo awo: aporofesolo apite okha, asajambule phiri kapena mwala, masamba okha. Ine ndinaloledwa kutsatira kumbuyo ndi nthambi, kufufuta mapazi. Tinanyamuka m'mawa kulowera kumpoto ngati tikupita ku Cobue, tinakhota, tinawoloka mtsinje umodzi kanayi, ndipo mtengo wina wa mbawa tinaudutsa kambiri mpaka unayamba kutipatsa moni. Pomaliza apongozi anatilowetsa dala pa chitedze.

Aporofesolo anaima pakati pa mundawo akudzikanda, misozi ili mbwee, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati inali ya chitedze kapena ya chimwemwe. Anafukula dothi ndi dzanja, lakuda, lonyowa, nyongolotsi zake zonenepa ngati zala za wansembe. Chilichonse anachipatsa dzina lalitali la m'buku.

“Amayi,” anatero, “ndani anakuphunzitsani kukonda nthaka chotere?”

“Mantha,” anayankha apongozi. “Tiyeni, dzuwa lakwera.”

Aporofesolo anasunga pangano, anajambula masamba okha. Koma opereka aja ataona masambawo anakondwa mopitirira. Patapita miyezi bwato linafika ndi makasu, mbewu, mbande za mitengo, ndi chinthu china chokulungidwa bwino kuposa zonse: chikwangwani. Thabwa lopaka utoto woyera, zilembo zofiira m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja, MUNDA WA CHITSANZO, BWERANI MUDZAONE, ndi muvi waukulu wolozera. M'dziko limene anthu ankakwirira mchere pansi, ife anatitumizira muvi. Zilembo zake zinkawerengeka kuchokera ku Likoma. Anthu a kumeneko anandiuza okha.

Kalata inati chikwangwanicho chizikidwe pa munda, apo ayi thandizo lina silidzabwera. Aporofesolo anagwira mutu. Apongozi anachizungulira kawiri, nachigogoda ndi chala.

“Uwauze amuna akowo,” anatero, “kuti iwonso ali ndi munda.”

Uthenga umenewu mkazi wanga anaupereka wonse, osachotsapo kanthu.

Choncho chikwangwani chinaima pa msewu, muvi utaloza munda wanga: mchenga woyera, mizere yowongoka, chimanga chofika m'bondo chitamasula kale ngayaye chifukwa chotaya mtima. Mbuzi zinkalowamo n'kutuluka zili ndi njala yoposa imene zinalowa nayo. Anthu odutsa ankaima, kuwerenga, kuyang'ana munda, kuwerenganso. Ena ankavula chipewa ngati adutsa pa manda. Gulu linabzala mbande zija m'zigwembe za phiri, amayi ambiri anayamba kusiya zinyalala m'minda mwawo, koma amene anatchuka ndi ine.

Tsiku lina dzuwa lili pamutu, ndikupalira mizere yanga ndi khasu latsopano, ndinangomva munthu akutsokomola kumbuyo. Anali amuna asanu ndi mfuti. A mbali iti, musandifunse. Pofika zaka zimenezo onse ankavala nsanza zofanana, ndipo kutchula munthu wolakwika “kamarada”, mmene ankaitanirana a mbali imodzi, kunali kudzikumbira dzenje. Anthu onse anali atathawira kale m'mabwato. Ine ndinagwada.

“Takulandirani, akuluakulu.”

Wamkulu wawo, wa ndevu za imvi, anauza mnzake kuti awerenge chikwangwani mokweza. Kenaka anayenda m'mizere yanga pang'onopang'ono, nazula phesi limodzi ndi zala ziwiri.

“Iwe ndiwe mwini chitsanzo?”

“Ndine, akuluakulu.”

“Chitsanzo cha chiyani?”

“Sanalembe, akuluakulu.”

Anzake anaseka, iye sanaseke. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, mpaka maso ake anaima pa mimba. Apa ndiye panali vuto. Munda unali wa munthu wakufa ndi njala, koma mimba inali ya munthu wodya maungu.

“Nanga iwe umadya chiyani? Thupi ili silinachokere m'munda uno.”

Ndikulumbira, pa moyo wanga wonse sindinamvepo lilime likuyabwa chotero. Nkhani ya chinangwa inali pakhosi, yokonzeka, yokoma, ndipo munthu uyu, amene manja ake ankaoneka kuti anagwirapo khasu asanagwire mfuti, akanaimvetsa kuposa aliyense. Anali atandinyoza pamaso pa anzake, ndipo yankho ndinali nalo kuseri kwa phiri. Ndinaluma lilimelo mpaka ndinamva magazi.

“Usipa, akuluakulu. Ndi kupempha.”

“Palibe munda wina?”

“Akanakhalapo wabwino kuposa uno, chikwangwani akanachiika pano?”

Anayang'ana phiri, ine ndinayang'ana nyerere. Kenaka analavula.

“Ngati uwu ndiwo wopambana pamudzi pano, anyamata, tiyeni, tingawasiyire chakudya chathu ndife.” Asanachoke anandiloza ndi mfuti. “Ndipo iwe, leka kutentha zinyalala. Nthaka imafuna chofunda. Kwathu mwana wa zaka zisanu amadziwa zimenezo.”

Anatenga khasu latsopano lija, malaya anga, ndi usipa umene unali pa thandala kugombe. Kuphiri sanakwere. Anabweranso ena pambuyo pake, a mbali iyi ndi a mbali inayo, onse anawerenga, onse anayang'ana, ndipo palibe anafunanso kufufuza mudzi umene chitsanzo chake chinali chotero.

M'mawa wotsatira tsiku la amuna asanu aja, apongozi anabwera kuchokera kumene sankanena, ndi dengu lophimbidwa ndi nkhuni pamwamba. Anakhala kuseri kwa khonde atandifulatira, ine pa mwala, wopanda malaya, lilime litatupa ngati mbatata. Anatulutsa nthochi yakupsa, yaikulu kuposa zonse, naipereka kwa mkazi wanga.

“Uwapatse amuna akowo. Ndipo uwauze kuti asayerekeze kumvera malangizo a munthu wa mfuti uja. Apitirize kulima monga amalimira. Akutisunga.”

Mkazi wanga anatembenuka, nandipatsa nthochi ija ndi manja awiri.

“Amayi akuti ndinu mlimi woipa kwambiri m'mbali mwa nyanja yonse,” anatero, “ndipo akuti zikomo.”