Mtsikana Amene Analawa Juwisi wa Mlendo

Abale anga okonda kuwerenga, pali zolakwa zina zimene munthu amalakwa chifukwa choti analeredwa bwino. Tamvani za Tiyanjane, mtsikana wa kwa Mkanda, m'boma la Mchinji.

Tsiku limene anatsika minibasi pa boma, mvula yoyamba inali itangogwa kumene, dothi likununkhira. Anyamata a kabaza anamuthamangira, aliyense akuloza njinga yake, koma iye anangopukusa mutu. Anakakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa depoti atafungata jumbo. M'jumbomo munali malaya oyera ndi siketi yakuda, zovala zimene anagwira nazo ntchito masiku osakwana ndi sabata yomwe pa hotela ina yaikulu ku Lilongwe. Anali atachotsedwa.

Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Analeredwa ndi amalume ake, a Yohane, mlimi wa mtedza ndi fodya. Mayeso a Fomu 4 sanamuyendere bwino. Amene anamupezera mwayi wa kuhotelawo anali a Maggie, namwino wa pa boma wochokera ku Zomba. Iwowa ankagula mtedza kwa a Yohane, ndipo anaona kuti mtsikanayu ndi waukhondo komanso waulemu.

Hotelayo inamuzunguza mutu. Pansi pankanyezimira ngati pathiridwa madzi. Anthu ankakwera m'mwamba pa chikepe. Matebulo anavekedwa nsalu zoyera, munthu mmodzi mafoloko angapo ngati ali ndi manja ambiri. Chakudya chinkabwera chochepa pakati pa mbale yaikulu, chokongoletsedwa ngati maluwa a kuguwa tsiku la Pasaka.

Zonsezo akanazizolowera. Chimene chinamugwetsa chinali china.

Kwawo anamuphunzitsa kuti mlendo sapatsidwa thobwa losalawa. Umagwada, n'kumwako pang'ono iye akuona, kenako n'kumupatsa. Kwathu kuno timati kuchotsa ufiti, kuti mlendo amwe mtima uli m'malo. Ndiye bambo wina wovala suti ataitanitsa juwisi wa malambe, Tiyanjane anafika, anagwada pa kapeti, anamwako pang'ono, anapukuta kukamwa kwa tambula ndi chikhatho, n'kupereka ndi manja awiri.

Bamboyo anangoti kakasi. A patebulo lina anabisa nkhope m'tinsalu topukutira pakamwa. A Fletcher, mkulu wa operekera zakudya, anamuitanira kukhitchini. Sanamukalipire.

"Mwana wanga, kuno si kumudzi," anatero. "Pita ukaphunzire kaye."

Chimene chinkamuopsa Tiyanjane pansi pa mango paja sichinali manyazi okha. Amalume anali atanena kale kuti za kutauni zikakanika, mwamuna alipo: a Kwacha, bambo wachikulire wa zigafa za fodya amene akazi awo anamwalira, anabwera kale kudzafunsira mbeta. A Kwacha sanali munthu woipa. Koma Tiyanjane sankawafuna, ndipo ankadziwa kuti akangolowa m'nyumba imeneyo, malaya oyera aja adzasanduka chopukutira mbale.

A Maggie ndiwo anamupeza pamenepo akuchokera kuntchito. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka kugwira mtengo, misozi ili chuchuchu. Atapuma anamusisita pamsana n'kumuuza kuti mtima wake sunalakwe, chimene analakwitsa ndi malo basi, ndipo malo amaphunzirika.

Loweruka lake anakwera kabaza onse awiri mpaka kwa Mkanda. Anapeza a Yohane akusola mtedza wa mbewu pakhonde. A Maggie anawapempha kuti mwanayo akakhale nawo pa boma, ayesenso kachiwiri. A Yohane anapitiriza kusola mtedza uja.

"Mtedza uwu tikudzala," anatero pomaliza. "Tikamadzakumba, iwe ulibe pogwira, a Kwacha ndidzawayankha. Ine ndakalamba, sindifuna kudzakusiya panja."

Tiyanjane anapeza ganyu pa kalesitilanti ka Mayi Keziya, pafupi ndi boda, pamene madalaivala a mathiraki amadya podikira mapepala awo. Ntchito yake inali yotsuka mbale ndi kuperekera tchipisi ndi nkhuku. Koma iye anapasandutsa sukulu.

Madzulo akaweruka, a Maggie ankamubwereka foni kuti aonere mmene tebulo la kuhotela limayalidwira: mafoloko kumanzere, mipeni kumanja, mlendo amayambira za kunja n'kumalowera mkati. Mafoloko a m'nyumbamo akaperewera ankaika timitengo. Ankazungulira bwalo atanyamula mbale zitatu pamkono umodzi, zodzaza ndi makoko a mtedza, mpaka anasiya kutaya ngakhale khoko limodzi. Mbale zina zinasweka ndithu, ndipo a Maggie ankangoti kuphunzira njinga n'kugwa. Chingerezi nachonso ankayeserera, a Maggie atakhala ngati mlendo wovuta, wobweza supu kuti wazizira. Phunziro limene iwo ankabwereza kwambiri linali limodzi: chinthu ukachikayikira, funsa kaye.

Zimene waphunzira madzulo, m'mawa ankakaziyesera pa madalaivala. Ankawapindira tinsalu ngati duwa, n'kuwaikira foloko ndi mpeni. Iwo ankangokankhira pambali n'kumadya ndi manja. Anamupatsa dzina loti Adona a ku Lilongwe. Dalaivala wina wa ku Chipata, Joe, ataona tebulo lake litayalidwa chonchi anaima pakhomo n'kunena kuti, "Imwe ba sisita, ine nabwela kudya chabe. Uyu si ukwati." Onse anafa nacho chiseko. Tiyanjane naye ankaseka, koma mawa lake ankayalanso.

Mvula inakata. Masamba a mtedza anayamba kuchita chikasu. Tsiku lina munthu wa kabaza anabweretsa uthenga wochokera kwa Mkanda, wakuti amalume akupereka moni, ndipo makasu anola kale. Tiyanjane anamva chimene ankatanthauza.

Sabata yomweyo a Maggie anamva kuti hotela ija ikufunanso anthu. Tiyanjane anachapa malaya oyera aja, anawasita, n'kukwera minibasi ya m'mawa. Pamzere wa atsikana ndi anyamata ofuna ntchito, a Fletcher anaima patsogolo pake n'kumuyang'anitsitsa.

"Si iwe wa juwisi uja?"

"Ndine ndemwe, bwana. Munati ndikaphunzire kaye. Ndaphunzira."

Anamupatsa sabata imodzi yomuyesa. Anagwira ntchito mosamala ngati wosenza mazira. Sanagwade, sanalawe, sanagwetse kanthu. Chotsala chinali tsiku lotsiriza lokha.

Tsiku limenelo masana, patebulo lake panakhala mayi wina wachitsikana wotchena bwino, dzina lake Ivy, ndi bambo ake okalamba, a Benedicto, a kwa Chiosya. Mkuluyo anali atangochitidwa opaleshoni ya diso, ndipo mwana wawoyo anawagoneka kuhotelako kuti apume pabwino asanabwerere kumudzi. Tiyanjane anabweretsa supu wa maungu ndi jagi ya juwisi. Mkuluyo sanakhudze.

Ivy anawanyengerera. Anawakumbutsa kuti chichokereni kuchipatala sanadye kanthu, ndipo adokotala anati mankhwala asamwe m'mimba mulibe kanthu. Anaitanitsa nsomba yochotsa minga, anaitanitsa mpunga. A Benedicto ankangoti sakumva njala, koma manja awo ankanjenjemera pa nsalu ya tebulo. Diso lawo labwino lija linkangoyang'ana chitseko cha kukhitchini, kumene mbale zinkatulukira m'manja mwa anthu amene iwo sanawaonepo.

Tiyanjane ankakudziwa kayang'anidwe kameneko. Ndi mmene amalume ake ankayang'anira chakudya cha kwa eni.

Mankhwala a vutoli ankawadziwa, koma ndi omwe aja anamuchotsetsa ntchito. Anaona m'maganizo mwake zigafa za a Kwacha. Akanatha kungokhala chete, tsiku n'kutha bwinobwino. Koma anayang'ananso manja onjenjemera aja. Anaika thireyi pansi, n'kupita kwa a Fletcher.

Anawafotokozera motsitsa mawu kuti mkuluyo njala akuimva, koma sangadye chakudya chimene mwini wake sanalawe. Anati sakufuna kuchita kanthu asanafunse, ndipo akakaniza, iye amvera.

A Fletcher anayang'ana tebulolo kanthawi. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa katambula kakang'ono, kambale ndi supuni.

"Kuno mlendo ndiye amalawa vinyo tisanamuthirire," anatero. "Lero titembenuza. Koma tambula yakoyako, supuni yakoyako, ndipo upemphe kaye kwa mwana wawo."

Ivy atamva, anagwira pakamwa. Anati zimenezi zinali zitamuchoka m'mutu chifukwa cha nkhawa ya opaleshoni, ndipo anavomera msanga.

Tiyanjane anapita mbali ya diso labwino lija. Anagwada pa kapeti yemwe uja. Anathira juwisi pang'ono m'katambula kake, anatapa supu pang'ono m'kambale kake.

"Bambo, ine ndine mwana wa kwa Mkanda. Ndiloleni ndichotse ufiti."

Anamwa, analawa, mkuluyo akuona. A Benedicto anapumira m'mwamba, mapewa n'kugwa ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Ivy," anatero, "bwanji sumanena kuti muno muli anthu?"

Anakoka mbale ija. Supu anatha, nsomba inatha, anafunsanso ngati mpunga ulipo wina. Pakati pa kudya anamufunsa Tiyanjane kuti kwa Mkanda ndi mwana wa yani, ndipo mtedza wachita bwanji chaka chino. Ivy ankangopukuta maso ndi kansalu, kwinaku akuseka. Mankhwala anamwedwa.

Alendowo atapita, Tiyanjane anayamba kuchotsa mbale. A Fletcher anadutsa pafupi, anawongola foloko imodzi patebulo loyandikana nalo, n'kunena osamuyang'ana n'komwe kuti Lolemba abwere ndi katundu wake yense, chifukwa yunifomu yake ikasokedwa.

Tiyanjane anakalowa kuseri kwa khitchini, anatsamira khoma, n'kulira kulira kumene anakusunga kuyambira tsiku la pansi pa mango lija.

Foni inawapeza amalume kumunda, khasu lili m'manja, mtedza woyamba uli pamtunda. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Kenako anaseka pang'onopang'ono n'kunena kuti a Kwacha ndi munthu wamkulu, amva. Asanadule anawonjezera kuti, "Ndiye kuti sindinakulere molakwika."

Lero Tiyanjane ndi amene amaphunzitsa achinyamata atsopano pa hotelapo kuyala tebulo ndi kulandira alendo. M'kabati muja katambula kaja kadakalipo. Akangoona gogo wochokera kumudzi atakhala phee, chakudya chikuzizira, anzake amadziwa woti amuitane.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso munabwezedwapo pakhomo lina chifukwa simunkadziwa kachitidwe ka kumeneko. Mwina anthu anakusekani, ndipo mpaka pano mwakhala pansi pa mango wanu mutafungata jumbo. Dzukani. Chimene simukuchidziwa chimaphunzirika, ngakhale ndi timitengo ndi makoko a mtedza. Chimene munaphunzira kwanu musachitaye, tsiku lake lidzafika. Chapani malaya oyera aja, muwasite, mukagogodenso pakhomo lomwe lija. Mtima wokha musautaye.