Chaka Chimene Tinadya Mbeu

Ndikakumbukila ambuya aDaka, atate awo a amai, ndimamva fungo la dothi lonyowa losakaniza ndi phulusa limene ankamatila kankhokwe kawo ka nshawa zambeu, atagwada padzuwa, fodya ali m'mphuno, akung'ung'udza okha za makoswe ndi adzukulu, chifukwa kwa iwo tonse tinali mtundu umodzi. Munthu wouma manja ngati uja sindinamuonenso. Tsiku lina ndinangotola nshawa ziwili zimene zinagwa pansi, koma khutu langa linaona zakuda.

"Mbeu sadya, iwe! Ngakhale njala ikuwawe bwanji!"

Inali nthawi ya Chitaganya, atate ali kumigodi, amai ali ndi pakati, ndipo mlongo wanga wamng'ono Penyani anali atangomusiyitsa kuyamwa. Posakhalitsa Penyani anayamba kutupa mapazi ndi masaya, tsitsi n'kufiilila. Ine kupusa kwanga ndinkasangalala, ndinkati mwana wanenepa. Koma anasiya kuseka, ngakhale kulila kwenikweni anasiya, ndipo akulu anayamba kunong'onezana. Ena ankati watumbidwa chifukwa cha mimba ya amai, azakhali ankati atate achita zosayenela kumigodi kuja, ambuya ankati apa pafunika mizu ndi mphini basi. Aliyense ankalankhula motsimikiza, ine mutu unangoima.

Amai anamubeleka mpaka kuchipatala cha mishoni ku Minga, ine pambuyo. Asisitele anadina chala paphazi la Penyani, ndipo dzenje linatsala pomwepo.

"Amai, mwanayu ali ndi njala."

"Njala? Amadya phala katatu patsiku!" anayankha amai, manyazi ndi ukali pamodzi.

Asisitele anafotokoza kuti phala la ufa woyela lokha limadzaza mimba koma silimanga thupi. Anati tizisinjilamo nshawa tsiku lililonse, kapena nyemba, kapena nthanga za maungu, apo ayi mwana atisiya. Koma mvula inali pafupi, ndipo zonsezo zinali zitatha kalekale m'nyumba mwathu. Zinatsala ndi zambeu za ambuya zokha.

Ambuya atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wotupa chonchi, njala? Ha! Nshawa zinayamba liti kukhala mankhwala?" Amai sanapemphe n'komwe, anangolowa m'nyumba n'kulila.

M'mawa mwake ndinamva kugogoda kuseli kwa nyumba. Ndinapeza ambuya akuphwanya kankhokwe kaja ndi mpini wa khasu, dothi likuwagwela kumapazi, nshawa zikukhuthukila pansi.

"Ukuyang'ana chiyani? Tenga lichelo!"

Tsiku lomwelo anamutemanso Penyani mphini pamsana n'kupakamo mizu yawo yakuda. Ndinasokonezeka kothelatu. Kodi avomeleza za Asisitele kapena akana? Kufunsa ndinkaopa.

Kwa masabata ambili ntchito yanga inali kuswa nshawa mpaka zala kuwawa, kuzikazinga paphale utsi ukundiliza maso, kusinja mumtondo waung'ono, kusefa, kenako kunyengelela Penyani kuti atsegule pakamwa. Kutupa kutayamba kuphwa anaoneka mafupa okhaokha, ndipo ndinachita mantha kuposa kale, ndinkati tamupha ndi nshawa. Koma tsiku lina ananditsomphola chikombe n'kundimenya nacho pamphumi, ndipo amai anaseka koyamba.

Mvula itagwa, ambuya anayenda khomo ndi khomo ndi kambale m'manja kupempha mbeu kwa anthu omwe aja iwo ankawamana. Ena anawapatsa, ena anawakumbutsa. Theka la munda wawo linamela udzu. Komabe aliyense wofunsa za Penyani ankamuuza kuti, "Mizu yanga imeneyo."

Nditakula, iwo atakalamba kwambili, ndinalimba mtima.

"Ambuya, ngati inali mizu, kankhokwe ka mbeu kaja munakaphwanyilanji?"

Anakoka fodya kaye. "Mpaka lelo ndikuti Asisitele ananama. Koma ndinaganiza kuti akakhala kuti alakwa ndi iwo, nditaya nshawa chabe. Ndikakhala kuti ndalakwa ndine, tiika mwana."

Penyani lelo ali ndi adzukulu ake. Ine sindinamvetsebe kuti munthu angataye bwanji mbeu zake ndi ulemu wake chifukwa cha mawu amene sakuwakhulupilila. Koma ndikakangana ndi munthu, mtima ukundiuza kuti ndikukhoza ndine, ndimayamba ndadzifunsa kaye kuti: ndikakhala kuti ndalakwa, amene aikidwe m'manda ndani?